Kodi ku Isaac Newton Institute amangokhalira masamu tsiku lonse?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachitatu ku koleji, akuphunzira masamu. Dzina ndisunga. Anati: "Ndinamva kuti ku Cambridge kuli malo otchedwa Isaac Newton Institute kumene anthu amangochita masamu basi. Kodi amachitako chiyani kwenikweni, nanga ndingalembetse bwanji kuti ndikachiteko digiri yachiwiri? Amalume anga akuti masamu mathero ake ndi choko ndi bolodi."

Achemwali, ndiyambe ndi chokhumudwitsa. Kumeneko sapereka digiri. Kulibe makalasi a chaka choyamba, kulibe mayeso, kulibe mwambo wovala mikanjo. Malowa ali pansi pa yunivesite ya Cambridge, ku England, pa msewu wa Clarkson, ndipo anatsegulidwa mu July 1992. Mkulu wake woyamba anali Michael Atiyah, katswiri wa masamu wodziwika padziko lonse. Ntchito yake ndi yosonkhanitsa anthu amene anaphunzira kale. Akatswiri angapo amalemba pempho loti pali nkhani yakutiyakuti m'masamu imene yafika poti ikhoza kusuntha ngati anthu oyenera atakhala pamodzi. Komiti ikavomera, amaitana anzawo ochokera m'mayiko osiyanasiyana, n'kudzakhala pamenepo, kawirikawiri miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi. Nthawi ikatha aliyense amabwerera ku yunivesite kwake, gulu lina n'kulowa.

Mwina mukuti, miyezi yonseyo n'kumatani? Taganizani za aphunzitsi anu a ku koleji. M'mawa kalasi, masana msonkhano, madzulo mulu wa mapepala oti achonge, kumapeto kwa sabata maliro kumudzi. Funso lolimba la masamu sililola kuliganizira mphindi makumi awiri lero, zina mawa. Limafuna munthu agone nalo, adzuke nalo, masabata ambiri. Chimene malowa amapatsa munthu ndi nthawi imeneyo, komanso mnzake wa ofesi yoyandikana amene angamuuze pompopompo kuti apa walakwitsa.

Nyumba yakenso anaimanga ndi cholinga chimenecho. Maofesi amatsegukira pamalo amodzi apakati, moti munthu sangapite kukatenga khofi osakumana ndi anzake. Ndiye mabolodi! Ali paliponse, m'makonde, m'chikepe, ngakhale m'chimbudzi. Amalume anu sananame kwenikweni pa za choko ndi bolodi, kungoti sanadziwe kuti choko chimenecho chimafika kutali bwanji.

Nkhani imene inatchukitsa malowa inachitika pasanathe ndi chaka chomwe chitsegulireni. Kuti muimve kukoma, kumbukirani amisiri omanga nyumba akamafuna kuti kona ikhale pa sikweya. Amayeza 3 mbali ino, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5 amadziwa kuti zili bwino. Chifukwa chake mukuchidziwa kuyambira ku sekondale: 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 ndi 4 ndi 16, kuwonkhetsa 25, amene ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Manambala athunthu otere alipo osawerengeka: 5, 12 ndi 13, kapena 8, 15 ndi 17. Cha m'ma 1637, Pierre de Fermat, loya wa ku France amene masamu ankangowakonda, analemba m'mphepete mwa buku lake kuti mphamvu, kutanthauza kuti nambala ikuwonekera kangati poichulukitsa ndi iyo yokha, ikakwera kuchoka pa 2 (monga 3 kuchulukitsa ndi 3) kupita pa 3, pa 4 kapena kuposa apo, simudzapezanso manambala athunthu atatu, oposa ziro, ogwirizana motero. Anawonjezera kuti umboni wake anali nawo, koma malo olembapo anachepa. Anamwalira osaulemba paliponse, ndipo kwa zaka zoposa 350 anthu anatuluka nalo thukuta funsoli.

Andrew Wiles, wobadwira ku Cambridge komweko mu 1953, anakumana ndi funsoli ali mwana wa zaka khumi. Atakula n'kukhala pulofesa ku Princeton, ku America, analimbana nalo zaka zisanu ndi ziwiri mwakachetechete, m'kachipinda kapamwamba kunyumba kwake. Mu June 1993 anabwera ku Newton Institute n'kukamba nkhani masiku atatu otsatizana, pansi pa mutu wosatchula n'komwe dzina la Fermat. Mphekesera zinayamba kuyenda, anthu n'kumachulukirachulukira m'chipindamo. Pa 23 June, kumapeto kwa nkhani yachitatu, analemba pabolodi zimene Fermat ananena zija, n'kunena kuti aimira pomwepo.

Ambiri akamafotokoza amathera pamenepo, pa kuwomba m'manja. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chotsatira chake. Akatswiri amene anapatsidwa ntchito younika pepala lake mzere ndi mzere, mmodzi wa iwo Nick Katz, anapeza kuti panali pena pamene umboniwo unali ndi mpata. Wiles anavutika chaka chathunthu, dziko lonse likumuyang'ana. Anaitana Richard Taylor, amene kale anali wophunzira wake, ndipo mu September 1994 mpata uja unatsekeka. Mapepala awiri anasindikizidwa mu 1995. Munthu anayesa kusenza denga yekha zaka zisanu ndi ziwiri, koma kuti likhale pakhoma panafunika mitu ina: wina woona pamene pakudontha, wina wothandiza kufolera. Malo ngati Newton Institute alipo chifukwa masamu amayenda choncho, ngakhale ife timawaona ngati ntchito ya munthu mmodzi wosalankhula ndi anzake.

Amalume akafunsa kuti zonsezi zimadyetsa ndani, musakangane nawo za Fermat, chifukwa kunena zoona yankho la funso lake silinatsitsepo mtengo wa feteleza. Afunseni ngati ali ndi WhatsApp. Wiles anagwiritsa ntchito mbali ya masamu yotchedwa elliptic curves, ndipo masamu a banja lomwelo ndi amene amatseka mauthenga a pa WhatsApp kuti wina pakati asawawerenge. Amene anayamba kuwafufuza kalekale sankaganiza za foni. Komanso ku Newton Institute sakhalira masamu ongoganizira okhaokha. Amakhalanso ndi magulu a masamu okhudza nyengo, kayendedwe ka madzi ndi mpweya, za majini, ndipo mu 2020, Covid itavuta, anakonza pulogalamu yofufuza mmene miliri imafalikira.

Tsono inu mudzere kuti? Khomo limene lili pafupi nanu ndi African Institute for Mathematical Sciences, imene ambiri amangoti AIMS. Inayamba mu 2003 ku Muizenberg, m'mbali mwa nyanja ku Cape Town, ndipo anaiyambitsa ndi Neil Turok, wasayansi wobadwira ku South Africa amene panthawiyo anali pulofesa ku Cambridge. Mayunivesite atatu a ku South Africa, Cape Town, Stellenbosch ndi Western Cape, anagwirizana ndi Cambridge, Oxford ndi Paris-Sud kuti zitheke. Pambuyo pake anatsegula nthambi zina, monga ku Senegal, ku Ghana, ku Cameroon ndi ku Rwanda. Iwo ndiye amaphunzitsa: digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, ya ophunzira ochokera mu Africa monse, ndipo amene asankhidwa salipira fizi, malo ogona kapena chakudya. Aphunzitsi amachokera m'mayiko ambiri, aliyense n'kukhala masabata atatu. Ku Muizenberg ophunzira amagona, kudya ndi kuphunzira m'nyumba imodzi imene kale inali hotela, moti funso la m'kalasi limatha kukutsatirani mpaka pa chakudya chamadzulo.

Mukadutsa apo n'kulowa PhD, ndi pamene Cambridge imayamba kuyandikira, chifukwa pa misonkhano yaifupi imene imachitika mkati mwa mapulogalamu a ku Newton Institute, ochita PhD nawonso amapezekapo. Pakadali pano, nkhani zambiri zokambidwa kumeneko amazijambula n'kuziika pa intaneti kwaulere. Bandulo ikalola, tsegulani imodzi. Mukamva mphindi zisanu zoyambirira kenako n'kusochera, musadandaule, enanso okhala m'chipindamo amasochera chimodzimodzi.

Chaka chino limbikirani algebra ndi analysis, phunzirani pang'ono Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo aphunzitsi awiri akudziweni bwino, osati dzina lokha, chifukwa mudzafuna makalata awo polembetsa. Amalume muwapatse moni.