Kodi kusamba madzi ozizira kungatsitse shuga?

Funso: Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin. Mwana wanga waona pa WhatsApp kuti m'thupi muli mafuta ofiirira amene amadya shuga munthu akazizidwa. Kodi ndikamasamba m'nyanja mbandakucha ndingaleke mankhwala? Ndine mayi wa ku Makawa, Mangochi.

Yankho: Mayi, mankhwalawo musaleke. Mafuta ofiirira alipodi. Oyera aja a pamimba ntchito yawo ndi kusunga chakudya, pamene ofiirirawa amawotcha shuga ndi mafuta kuti thupi lifunde. Makanda ali nawo ambiri pakati pa mapewa, n'chifukwa chake mwana wobadwa masiku osakwana, amene ali nawo ochepa, amamuika pachifuwa pa mayi ake. Mu 2009 akatswiri anatsimikiza kuti akuluakulunso ali nawo, m'khosi ndi m'mbali mwa msana, koma pang'ono chabe, ndipo amachepa munthu akamakula kapena kunenepa.

Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulin, yomwe imauza maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, kuti atenge shuga m'magazi. Shuga ya akuluakulu imayamba maselo akaleka kumva bwino uthengawu. Mafuta ofiirira amamva insulin, komanso akazizidwa amakoka shuga paokha. Ku Maastricht, dziko la Netherlands, mu 2015, odwala shuga 8 anakhala m'chipinda cha madigiri 14 mpaka 15 kwa masiku 10, maola ofika 6 patsiku, ndipo matupi awo anayamba kumva insulin bwino ndi 43 peresenti. Koma taonani, shuga yambiriyo inalowa m'minofu, osati m'mafuta ofiirira.

Kuzizira kotero kuno n'kosowa. Madzi a m'mbali mwa nyanja ndi ofunda, ngakhale mu Juni mwera ukamaomba, ndipo mungatengeko likodzo kapena kuponda chigoba osamva ngati phazi lachita dzanzi chifukwa cha shuga. Chilonda cha wodwala shuga chimachedwa kupola.

Gwiritsani ntchito minofuyo. Yendani ndawala mphindi 30, masiku 5 pamlungu, mutavala nsapato, makamaka dzuwa lisanawawe. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi, masamba theka la mbale, usipa kapena chambo chowotcha. Tiyi wa shuga ndi zakumwa zotsekemera muleke. Ngati amakupatsaninso mapiritsi a glibenclamide kapena jakisoni wa insulin, yendani ndi maswiti m'thumba: mukayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, shuga yatsika kwambiri, idyani pomwepo. Kuchepetsa mankhwala kusiyireni akuchipatala akakuyezani musanadye kanthu m'mawa.