Yambani ndi Nebraska ya 1971

Achimwene, ngati mukufuna timu yakale ya mpira wa ku America wa m'makoleji yoti muyambe nayo kuonera, tengani Nebraska ya 1971. Pansi pa mphunzitsi Bob Devaney inapambana masewero onse 13, ndipo Oklahoma, Colorado ndi Alabama, omwe anathera pa nambala 2, 3 ndi 4 pa mndandanda wa matimu a m'dziko lonse, onsewo inawagonjetsa.

Ine sinditopa kuonera masewero a pa 25 Novembala ku Norman, kwawo kwa Oklahoma, omwe Nebraska inapambana 35-31. Muonetsetse Johnny Rodgers wa Nebraska akuwakha mpira n'kuzemba anthu mayadi 72 mpaka kukagoletsa, mtima umachita kudumpha. Ku Orange Bowl, masewero otsekera nyengoyo, Alabama inakwapulidwa 38-6.

Koma mukaona jezi yosainidwa ikugulitsidwa pa intaneti, musalipire katswiri wotsimikizira masiginecha asanaiunike, chifukwa zachinyengo zilipo zambiri.