Modemu Ikukana Kuyimba Muli Kunja kwa Dziko

Mwafunsa chifukwa chimene modemu ya laputopu yanu (kachipangizo kolumikizira kompyuta ku intaneti kudzera pa laini ya foni), yomwe imagwira bwino ntchito kwanu, ikukanira kuyimba mu hotela ku London, n'kumangoonetsa uthenga wa Error 680.

Uthengawu ukutanthauza kuti modemuyo sikumva kulira kwa laini kumene imadikira isanayambe kuyimba. Kuliraku kumasiyana malinga ndi dziko, choncho yambani mwasintha dzina la dziko pa Phone and Modem mu Windows (pamene kale pankatchedwa Phone and Modem Options). Zikakanikabe, lembani X3 pamalo olembapo malamulo owonjezera a modemu, pakuti lamuloli limaiuza kuti iyimbe popanda kudikira kulirako. Ngati foni ya m'chipinda imafuna 9 kuti mupeze laini yakunja, yambani ndi 9 ndi mpatuliro kenako nambalayo, chifukwa mpatuliro uliwonse umaimitsa modemu pafupifupi masekondi awiri.

Komabe musanayesenso, chonde funsani ogwira ntchito pa hotelapo ngati laini ya m'chipindamo ndi ya analogi kapena ya digito. Mfundo imeneyi ndiyo ndikuiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, chifukwa mahotela ambiri ali ndi mafoni a digito amene magetsi ake angathe kuwotcha modemu, ndipo ikapsa palibe lamulo limene lingaidzutse. Akakuuzani kuti ndi ya digito, pemphani laini ya makina a fakisi ngati akadali nayo, imene kawirikawiri imakhala ya analogi.

Za pulagi, ku Britain soketi ya pakhoma ndi ya mtundu wa BT (wa kampani ya mafoni ya kumeneko), osati RJ-11 (mtundu wa pulagi ya pa chingwe cha modemu), kotero mufunika adaputa.