Mapoti a USB akafa, yezani musanagule motherboard ina

Akulu, mwafunsa za kompyuta ya m'shopu yanu yotayipira ndi kusindikiza ku Kapata. Mwati mapoti awiri a kutsogolo sakuwerenganso flashi, kumbuyo ena akugwira ena ayi, ndipo wina wakuuzani kuti motherboard, bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta, yapita, mugule ina. Ndalamazo zisungeni kaye. Nthawi zambiri chimene chafa ndi poti yeniyeniyo, kapena kafyuzi kakang'ono ngati njere ya mpunga kali pambali pake.

Poti ya USB 2.0 ili ndi njira zinayi basi. Ziwiri za m'mbali ndi za moto: waya wofiira ndi wa 5V, wakuda ndi wa ground, njira yobwerera moto. Ziwiri zapakati zimanyamula uthenga: woyera ndi D-, wobiriwira ndi D+. Choncho funso ndi limodzi: chasowa ndi moto kapena uthenga? Lowetsani mausi ija imayaka kunsi. Ikapanda kuyaka, moto palibe. Ikayaka koma kamuvi osayenda, moto ulipo, vuto lili pa D+ ndi D- kapena mu Windows.

Za Windows tizidutse msanga. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe ku khoma, mukanikize batani loyatsira masekondi 30. Kungozimitsa sikokwanira chifukwa power supply, kabokosi kopereka moto m'kati mwa kompyuta, imapitiriza kupereka 5V ya standby, ndipo kachipangizo koyendetsa USB kakaima mutu kamakhala choncho mpaka moto utatheratu. Mukayatsa, ikani kiyibodi pa poti yokayikitsayo, mulowe mu BIOS, pulogalamu ya motherboard imene imatseguka Windows isanayambe. Kiyibodi ikagwira mmenemo, poti ilibe mlandu. Zikatero pitani ku Device Manager ya mu Windows, muchotse zonse zili pansi pa Universal Serial Bus controllers, muyatsenso kuti zidzibwezere zokha, kenaka muzimitse USB selective suspend mu Power Options. Ngati muli pa Windows 7 ndipo akukana ndi mapoti a buluu okha, ikusowa ndi driver, pulogalamu yoyendetsa USB 3.0, poti Windows 7 siibwera nayo. Muoneponso mu BIOS ngati wina sanatseke mapoti a kutsogolo, ndipo ngati deti likumabwerera m'mbuyo, sinthani batire ya CR2032.

Tsopano tengani tochi ya foni muunike m'kati mwa poti iliyonse, ngakhale imene simuigwiritsa ntchito. Mukati muli kalilime ka pulasitiki, kakuda, koyera kapena ka buluu, pomwe pagona mapini. Kalilime kameneka kakathyoka, mapini amatsala lendelende, ndipo flashi yotsatira imapinda pini ya 5V n'kuikhudzitsa ku chitsulo cha poti. Imeneyo ndi shoti. Poti wamba anaipangira kuti ipirire kulowetsa ndi kuzula kosachepera ka 1,500. Zambiri zimapyola pamenepo, komabe pa shopu pamene pakulowa maflashi 20 patsiku chiwerengerocho chakwana m'masiku 75 okha. Onjezani fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, mapini achita dzimbiri lobiriwira. Fumbi ndi dzimbiri zimachoka ndi mswachi wouma ndi isopropyl alcohol. Sipiriti ya mtundu wa pepo ija imasiya zotsalira, ndi bwino kuipewa, ndipo singano kapena waya musalowetsemo moto uli mkati.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: mapoti amakhala awiriawiri pa fyuzi imodzi, nthawi zina anayi. Poti imodzi ikachita shoti, inzake yabwinobwino imafera limodzi. Windows imatha kulemba kuti Power surge on the USB port, ndipo motherboard zina, monga za ASUS, zimalemba USB device over current status detected n'kudzizimitsa pakatha masekondi 15. Mukaona zotere, tsegulani bokosi, chingwe cha ku khoma mutazula, mugwire kaye chitsulo cha bokosilo kuti moto wa m'thupi utuluke, ndipo muzule chingwe cha mapoti a kutsogolo pa motherboard. Uthengawo ukatha, mwapeza wakuba wanu. Kabolodi ka kutsogoloko mukhoza kukasintha kapena kungokasiya kosalumikiza.

Pobwezera chingwecho muwerenge zolembedwa. Malo a USB 2.0 ali ndi mapini 9 m'mizere iwiri, pini imodzi ya pakona palibe, ndipo waya wofiira amapita mbali yotalikirana ndi pamene pakusowa pinipo. A USB 3.0 ali ndi mapini 19 opyapyala, osachedwa kupindika. Pa motherboard zakale pali malo olembedwa 1394 ofanana ndendende ndi a USB, koma iwo amanyamula 12V. Mukalumikiza pamenepo, flashi ya kasitomala ipsa muli kuyang'ana.

Apa ndi pamene pakufunika multimeter, mita yoyezera moto. Osalowetsa nsonga zake m'poti, zimaterereka n'kugunditsa mapini. Dulani chingwe chakale cha USB, musende mawaya anayi aja, muwatalikitse, ndiye muziyezera pamenepo. Kompyuta ili yoyaka, pakati pa wofiira ndi wakuda payenera kupezeka 4.75V mpaka 5.25V. Mukapeza 5V koma n'kugwa kufika cha m'ma 4V mukangoika hard drive yakunja pa poti inzake, fyuzi yatopa kapena capacitor, kachipangizo kosunga moto kali pambali pa poti, yauma. Yang'anani ngati mutu wake watupa. Kumbukiraninso kuti USB 2.0 imalonjeza 500mA ndipo USB 3.0 imalonjeza 900mA, choncho hard drive yomangolira kuti tiki tiki pa poti yakuda mwina ikungosowa chakudya.

Mukapeza 0V, tsatani njira ya moto kuchokera pa poti. Pafupi pomwepo mupeza kachinthu kafulati, kawirikawiri kobiriwira, kolembedwa F ndi nambala pa bolodi. Imeneyo ndi polyfuse, fyuzi yodzibwezera yokha: moto ukachuluka imatentha n'kutseka njira, ikazizira imatsegulanso. Koma ikazunzika kangapo sibwereranso mwakale. Yezani mbali zonse ziwiri. 5V mbali imodzi, ina 0V, ndiye kuti fyuzi yafa kapena kutsogolo kwake kukadali shoti. Zimitsani, zulani chingwe, muyeze fyuziyo: yabwino siyenera kupyola 1 ohm kwenikweni. Kenaka ikani mita pa continuity, paja imalira, muyeze kuchokera pa 5V ya poti kupita ku ground. Mita ikalira kamodzi n'kusiya, ndi capacitor chabe ikudzaza. Ikalira osaleka, shoti ilipo, ndipo oganiziridwa ndi atatu: poti yopindika, capacitor, kapena ka diode koteteza. Chotsani fyuzi kaye kuti mudziwe mbali imene kuli shotiyo, kenaka muzichotsa chimodzichimodzi n'kumayeza. Motherboard zatsopano ndi malaputopu zimakonda kuika ka IC, kachipu ka miyendo 5, 6 kapena 8 m'malo mwa fyuzi. Kayezedwe n'komweko, moto wolowa ndi moto wotuluka.

Chonde, fyuzi musailumphe ndi waya. Tikudziwa kuti ambiri amatero ndipo poti imadzukadi, koma njira ya 5V ya power supply imatha kukankha 15A kapena kupyola. Tsiku limene pini idzapindikenso, chidzapse ndi mkuwa wa m'kati mwa bolodi, umene palibe angausoke. Fyuzi yolowa m'malo muizule pa motherboard yakufa, ya msinkhu wofanana, zambiri zimakhala za pakati pa 1.1A ndi 2A. Ngati mapoti onse alibe moto nthawi imodzi, yezani pa pulagi ya mapini 24: waya wofiira 5V, wa pepo 5V ya standby. Bokosi la power supply lenilenilo musalitsegule, limasunga moto woti n'kupha munthu.

Mbali ya uthenga ndiyo imagamula ngati ntchitoyi ili ndi phindu. Moto mutazula, ikani mita pa chizindikiro cha diode, nsonga yofiira pa ground, yakuda pa D+ kenaka pa D-. Manambala awiriwo afanane, kawirikawiri pakati pa 0.4 ndi 0.7, ndipo afanane ndi a poti imene ikugwira. Mukapeza OL, njira yaduka: mwendo wa poti wasweka pa solder, chitsulo chosungunula chomatira miyendo pa bolodi, kapena ka choke ka miyendo inayi kali kuseri kwa poti kaduka. Zimenezo zimakonzeka. Mukapeza pafupi ndi 0, chotsani ka diode koteteza muyezenso. Nambala ikabwerera, kadiodeko kanafera chipset, chip yaikulu yoyendetsa mapoti pa motherboard, ikani kena. Ikakhalabe pa 0, ndiye kuti chapsa ndi chipset, ndipo nthawi zina mumachimva kutentha ngati mbaula kompyuta itangoyaka. Pamenepo lekani, musalole munthu achiwotche ndi mpweya wotentha ati chidzuke. Ngati kompyuta ikuyakabe, gulani khadi ya USB 3.0 yolowa pa PCIe x1, malo olowetsapo makhadi pa motherboard, ya chip ya Renesas kapena VIA, ndipo ngati ili ndi polowera moto wa SATA mulumikize. Ngati bokosi lanu ndi lopyapyala ngati ma Dell OptiPlex ndi ma HP ambiri ogula kale, funsani khadi ya chitsulo chachifupi.

Kusintha poti ya kumbuyo kumafuna dzanja lozolowera. Bolodi ili ndi magawo angapo a mkuwa omwe amamwa kutentha, ndiye ayironi ya 30W imangonyambita. Pamafunika ya 60W kapena kuposa, pa madigiri 350 mpaka 380. Solder ya kufakitale imasungunuka pa 217, choncho pakani flux yothandiza solder kuyenderera, muonjezere solder ya mtovu yosungunuka pa 183 kuti zisakanikirane, ndiye muyamwe ndi pampu. Miyendo ikuluikulu yogwira chitsulo ndiyo imavuta. Mukaikoka isanamasuke mumazula mkuwa wa m'bowo, poti yatsopano n'kukhala yosalumikizika. Ngati simunachitepo, yeserani pa bolodi yakufa, kapena mupereke kwa okonza mafoni odziwa ntchito, muwauze zimene mwayeza.

Mukakonza, fufuzani chimene chinayambitsa. Soketi yopanda earth imatha kupha mapoti m'mashopu: printa ndi kompyuta zimakhala pa moto wosiyana, ndipo kusiyanako kumadutsa m'chingwe cha USB. Ngati chitsulo cha bokosi chimakunyerenyetsani mukachigwira, itanani wa malaiti. Printa ndi kompyuta zikhale pa adaputa imodzi, muzizula zonse mvula ya mphenzi ikayamba, ndipo malaiti akapita mudikire akhazikike musanayatsenso. Anthu asamatchajire mafoni pa kompyuta ya ntchito. Gulani kachingwe kotalikitsira USB, kachokere kumbuyo kafike pa tebulo, maflashi a makasitomala azilowa mmenemo. Kakatha mungotaya n'kugula kena.

Mukayeza, lembani pano zimene mwapeza pa waya wofiira, pa D+ ndi pa D-, pamodzi ndi dzina la motherboard lolembedwa pafupi ndi RAM kapena PCIe, tikuuzeni pamene pali fyuzi yake.