Golf 5 GTI ya 2007 yotsitsidwa kale: mugule kapena muisiye?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe. Akuti wapeza Volkswagen Golf 5 GTI ya chaka cha 2007, ya giyabokosi ya DSG (yosintha magiya yokha), imene yayenda makilomita pafupifupi 180,000. Mwini wake anaitsitsa kale kuti iyandikire pansi, anaika malimu aakulu, ndipo akunena kuti anasinthitsa pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu. Ndalama zimene mnyamatayu wasunga zikungokwanira mtengo wa galimotoyo basi. Funso lake ndi lakuti aigule kapena ayi, ndipo akaigula ayambe kuwonjezera chiyani.

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Galimoto ya mtundu umenewu ndi yabwino ndithu, ndipo sindikudabwa kuti yakutengani mtima. Inayamba kutuluka kumapeto kwa chaka cha 2004, ndipo inabwezeretsa ulemu wa dzina la GTI, limene linayamba mu 1976 koma linali litazilala pa Golf 4. Injini yake ya 2.0 TFSI, ya banja la EA113, imatulutsa mahosipawa 200, ndipo giyabokosi ya DSG imasintha magiya mofulumira ndi kaphokoso kaja kamene kanachititsa anzathu a ku South Africa kuitcha vrrpha. Komabe, imene mwaipezayi, ndi thumba limene mwandifotokozerali, ine ndikuti musaigule. Pa galimoto yakale yothamanga, ndalama zoyamba zimapita kokonza zimene eni ake akale anazinyalanyaza, ndipo inu ndalama zimenezo mulibe.

Chinthu choyamba chimene ndimaopa pa injini imeneyi ndi chaching'ono kwambiri moti chimakwana m'dzanja. Pakati pa pampu yopopa petulo mwamphamvu ndi kamushafuti (mtanda wachitsulo wozungulira umene umatsegula mavalavu) pali kachitsulo kooneka ngati kachivindikiro ka botolo, kamene amakaniko amakatcha cam follower. Kachitsuloka kamakhuzika nthawi zonse injini ikamalira, ndipo kamaperepeseka pang'onopang'ono mpaka kuboola. Kakaboola, pampu imayamba kudya kamushafuti, tizidutswa tachitsulo timalowa m'oyilo, ndipo zimene zikanatha ndi kachitsulo kotsika mtengo zimasanduka ntchito yomasula injini. Chovuta n'chakuti galimoto imayenda bwinobwino mpaka tsiku limene zinthu zaonongeka kale. Injini imene pulogalamu yake yasinthidwa imaperepesa kachitsuloka msanga kuposa yachibadwidwe, choncho mawu a wogulitsa aja, amene iye akuwanena monyadira, kwa ine ndi chenjezo. Amene ali nayo galimotoyi azikayendera kachitsuloka pa sevisi yachiwiri iliyonse, osadikira kuti nyale ya pa dashibodi iyake.

Chachiwiri ndi lamba woyendetsa mavalavu. Injini ya EA113 imagwiritsa ntchito lamba, ndipo lambayo akaduka, mapisitoni amawomba mavalavu n'kuwapinda. Ngati palibe risiti yosonyeza tsiku ndi makilomita amene lambayo anasinthidwira, muziona ngati sanasinthidwepo, ndipo mumusinthe pamodzi ndi pampu ya madzi musanayende ulendo wautali. Mawu akuti "tinasintha chaka chatha" aliyense wogulitsa galimoto amawadziwa.

Pali zina zing'onozing'ono zimene pafupifupi Golf 5 GTI iliyonse imadwala: makoyilo amapsa, valavu yotulutsa mpweya wa turbo imang'ambika ndipo galimoto imafooka, valavu ya PCV, yochotsa mpweya wounjikana m'kati mwa injini, imatopa n'kuchititsa injini kunjenjemera ikangoima. Popeza petulo amapoperedwa mwachindunji mu silinda, sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya kuti awatsuke, choncho mwaye umaunjikana pamenepo ndipo pa makilomita 180,000 umafunika kupalidwa. Injiniyi imamwanso oyilo, ndipo oyilo wake ayenera kukhala wa muyezo wa VW 502 00 kapena 504 00, osati wotunga m'mgolo pamsika. Chilichonse mwa zimenezi pachokha si choopsa, koma zikabwera mwezi umodzi malipiro amatha.

Giyabokosi ndiyo imene ingakugwetseni m'ngongole. DSG ya magiya 6 imeneyi ili ndi makilatchi awiri osambira m'oyilo, ndipo oyiloyo pamodzi ndi fyuluta yake ziyenera kusinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Pa galimoto imene mwaipezayi, ntchito imeneyi iyenera kukhala itachitika katatu. Funsani umboni. Magalaja ambiri kwathu kuno anazolowera Toyota ndi Nissan, ndipo makaniko wosaidziwa DSG akhoza kuthiramo oyilo wa giyabokosi wamba ya otomatiki ndi mtima wabwino ndithu, koma n'kuipha. Poiyesa, iyendetseni mpaka itenthe bwino, kenako muiyendetse pang'onopang'ono ngati muli pamdipiti wa magalimoto a ku Old Town madzulo. Ikamagwedeza ponyamuka, ikamagunda polowa giya yobwerera m'mbuyo, kapena zilembo za magiya pa dashibodi zikamaphethira, ndiye kuti mechatronic, ubongo wa giyabokosiyo, yayamba kudwala. Chipangizo chimenechi simungachipeze mwachisawawa ku Biwi kapena ku Ndirande. Nthawi zambiri chimachokera ku Johannesburg, ndipo chikafika chimafunanso munthu wa kompyuta woti achigwirizanitse ndi galimoto.

Tsopano za kutsitsa. GTI imachoka ku fakitale ili yotsika kale kuposa Golf wamba, ndipo chibekete cha oyilo chapansi pa injini n'cha aluminiyamu, chimene chikagunda mwala sichipindika koma chimasweka. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi GTI yanga usiku wina wa mvula, pamene ndinalowa m'dzenje lodzaza madzi, oyilo yense n'kutayikira pamsewu. Mwamwayi ndinazimitsa injini nyale yofiira itangoyaka. Galimotoyo sinali yotsitsidwa n'komwe. Ganizirani tsopano yotsitsidwa, ya matayala opyapyala a malimu a mainchesi 18 kapena 19, pa mabampu a m'matauni athu, m'misewu yafumbi yopita kunyumba zathu, kapena pa M1 nthawi ya dzinja. Malimu amapindika, matayala amatupa m'mbali, mashoko ndi mabushi amatha msanga. Kusintha kwanzeru m'dziko muno ndi kobwerera m'mbuyo: masipuling'i achibadwidwe, malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 225/45, komanso chitsulo chotchinga pansi pa injini. Kunena zoona, galimoto yotere imakhotanso bwino pa msewu wokumbika kuposa yotsitsidwa, chifukwa matayala ake amakhala pansi m'malo modumphadumpha.

Za pulogalamu ya injini sindikuzikana kotheratu. Pa injini yathanzi, pulogalamu yolembedwa ndi katswiri imakweza mphamvu kufika mahosipawa cha m'ma 240 popanda kusintha turbo, ndipo kusiyana kwake kumamveka. Koma injiniyi inapangidwira petulo wa 98 RON (muyezo wa okiteni wa petulo), ngakhale imalola wa 95, ndipo pulogalamu yowonjezera mphamvu imachepetsa mpata umene opanga anasiya woteteza injini ku petulo wosalongosoka. Tonse tikudziwa kuti mafuta akasowa timagula a m'zigubu, amene sitidziwa kuti asakanizidwa ndi chiyani. Pulogalamu yolemberedwa petulo wa ku Ulaya ikakumana ndi mafuta otere, kutentha kwa mu Okutobala kuli pachimake, mapisitoni ndiwo amalipira. Vuto la galimoto imene mwaipezayi n'lakuti simukudziwa amene analemba pulogalamuyo, ndiponso munthu amene amatsitsa galimoto ndi kuiwonjezera mphamvu kawirikawiri sakhala woyendetsa mofatsa. Ngati m'tsogolomu mudzafune kuwonjezera mphamvu, zidzabwere pomalizira, mutatha kukonza mabuleki, matayala ndi zonse ndatchulazi.

Ndikanakhala inu, ndikanadikira miyezi ingapo kuti pamwamba pa mtengo wa galimoto pakhale ndalama zina zokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengowo, kenako n'kufunafuna GTI imene sinakhudzidwepo, makamaka ya giya yamanja, imene amakaniko athu amaidziwa. Mukaganiza zoitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Songwe, yambani mwafunsa msonkho ku MRA, chifukwa zaka za galimoto ndi kukula kwa injini zimakweza msonkhowo. Musathawirenso ku Golf 6 GTI poganiza kuti ilibe matenda. Iyo ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, koma chokungira tchenicho pa zoyambirira chimadziwika ndi kufooka.

Ngati mtima ukukanabe kuisiya, pitani mukaione m'mawa injini isanalizidwe, mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa, amene ali ndi kompyuta yowerenga Volkswagen monga VCDS. Kenako mupemphe kuti amasule pampu ya petulo muone kachitsulo kaja ndi maso anu. Ndi mabawuti atatu, ndipo ntchito yake siifika ola limodzi. Wogulitsa akakana, muthokozeni mwaulemu n'kubwerera kunyumba ndi ndalama zanu.