N'chifukwa chiyani kapuchi amalimbikira mpunga wobzala mochedwa?

Bambo wina wa ku Nkhotakota, amene amalima pafupi ndi sikimu ya Bua, wanditumizira imelo. Akuti chaka chino anawokera Kilombero wake mochedwa, kumapeto kwa February, ndipo ngala zambiri zatuluka zoyera, zopanda kanthu, pomwe mnansi wawo amene anawokera mu January wakolola bwino. Funso lawo n'lakuti, mbozi za kapuchi zimene zimaboola phesi n'kuyeretsa ngalazi zimachokera kuti?

Bambo, sizichokera kutali. Zambiri zinagona m'munda momwemo. Kapuchi wa mpunga ndi mwana wa gulugufe wouluka usiku, ndipo mtundu woyera uja, umene akatswiri amautcha Maliarpha separatella, umadya mpunga basi. Mukakolola mu May kapena June, mbozi zomaliza zimatsikira pansi pa phesi, m'chiputu, n'kukhala duu chilimwe chonse osadya. Mvula ikagwa zimasanduka agulugufe. Waikazi amamata mazira ake patsamba, tsambalo n'kupindika kuwaphimba.

Agulugufe oyambawa amakhala ochepa, n'chifukwa chake wowokera msanga saona vuto kwenikweni. Koma kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe wina woikira mazira pamatenga mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, ndiye m'dzinja limodzi amaswana kangapo. Pamene mpunga wanu unkatenga mimba, adzukulu a agulugufe oyamba aja anali atachuluka, wa mnansi wanu utakhwima kale. Munda wobiriwira unatsala wanu.

Kuti mutsimikize kuti ndi kapuchi, kokani ngala yoyerayo. Ikasololoka mosavuta, ng'ambani phesi ndi chikhadabo: mupezamo ndowe ngati utuchi, mwinanso mbozi imene.

M'masikimu othirira, kumene mpunga umalimidwa kawiri pachaka, gulugufeyu sasowa poikira mazira. Kuli mtundu winanso, Chilo partellus, umene umadya chimanga ndi mapira omwe, ndiye umangosamuka munda uku n'kupita uko.

Za mankhwala, ine sindingakulimbikitseni kuthamangira kusitolo mutaona kale ngala zoyera. Mbozi ili m'kati mwa phesi, mankhwala opopera saifika, mungotaya ndalama. Mukamaliza kukolola, tipulani ziputu zikwiririke, kapena lowetsani madzi m'munda kwa masiku angapo ngati ngalande ili pafupi. Musachulutsenso feteleza wa urea, poti phesi lofewa ndi limene mbozi zimakonda. Ndipo mukambirane ndi anzanu kuti chaka chamawa nazale mufese sabata imodzi nonse.