Kujambula matope a pansi pa nyanja: yankho kwa wojambula wa ku Kapata

Bambo ena a ku Kapata kuno ku Chipata, amene amajambula maukwati ndi Nc'wala ku Mtenguleni, andilembera imelo. Anaona zithunzi za matope amizeremizere ochokera pansi pa nyanja yamchere, ndiye akufunsa kuti amawajambula bwanji, komanso ngati kamera yawo ingathe ntchitoyi.

Zikomo bambo. Tiyambe ndi matopewo. Sitima yofufuza, monga JOIDES Resolution imene inagwira ntchitoyi kuyambira 1985 mpaka 2024, imakhoma paipi pansi pa nyanja n'kuzula matope otalika mamita 9.5 nthawi imodzi. Amawadula zidutswa za mita 1.5, kenaka chidutswa chilichonse amaching'amba pakati m'litali ngati nsungwi. Theka lina ndi lotapamo akatswiri, theka linalo ndi losunga, ndipo ndi limeneli amalijambula.

Apa ndiye pagona nkhani. Matope amene akhala zaka zikwizikwi osaona mpweya amayamba kusintha mtundu akangotsegulidwa. Obiriwira motuwa amafiirira, akuda amazilala, ndipo akauma amang'aluka. Tsono wojambula sazengereza. Amapala pamwamba ndi kagalasi kapena kachitsulo kuti pasalale, kupala kwake mopingasa, chifukwa akapala m'litali amapaka matope a zaka zina pa zaka zinzake. Madontho a madzi amawachotsa kuti asanyezimire. Kamera yake sitola chithunzi kamodzi ngati yanu. Imayenda pa kanjanji pamodzi ndi nyali zake, n'kumatola kamzere kamodzikamodzi, kompyuta n'kumalumikiza. Motero kuwala kumafanana kuchokera kumutu mpaka kumchira. Pambali pamakhala rula, ndipo kamerayo amayamba aiyesa pa kakhadi ka mitundu yodziwika.

Inu paukwati mumakometsa chithunzi kuti mkwatibwi awale, ndipo mumachita bwino. Pa matope zimenezo n'zoletsedwa. Chithunzi chija ndi mboni. Kamzere koyera kangakhale phulusa la phiri lophulika kapena tizigoba ta tizilombo ta m'madzi, kakuda kangakhale nthawi imene pansi pa madzi panalibe mpweya. Mukakometsa mtundu, mwanamiza munthu amene adzachiwerenge inu ndi ine titapita kale. Matope enieniwo amakagona m'zipinda zozizira madigiri 4 ku Bremen ku Germany, ku Kochi ku Japan ndi ku College Station ku Texas, America, koma ambiri amayamba aona chithunzi.

Musati za kutali izi poti kwathu kulibe nyanja yamchere. Mu 2016 sitima ija ya JOIDES Resolution inazula matope kufupi ndi mathiriro a Zambezi ku Mozambique, ndipo Luangwa wathu amathira mu Zambezi. Ine ndikamaona zithunzi za kumeneko ndimaganiza za dothi la kuno limene madzi anakokolola kalekale, damu la Cahora Bassa lisanatseke njira. Ku Nyanja ya Malawi nako anaboola mu 2005, ndipo matope anaulula chilala choopsa cha pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, pamene nyanjayo inaphwa kwambiri.

Kamera yanu ingathe kuphunzirirapo. Khomani paipi ya pulasitiki m'dambo mvula ikatha, muing'ambe ndi sowo, matopewo muwadule ndi waya. Kamera ikhale pa miyendo yake, yoyang'ana pansi ndendende, mumthunzi, fulashi yozimitsa, rula ndi kakhadi kotuwa pambali. Mujambule pompo, mujambulenso mawa lake, kenaka muziike pamodzi zithunzi ziwirizo. Munditumizireko ndidzaone dothi la ku Kapata.